Chamba chaloledwa, koma chaloledwa kwa yani?

Pa misonkhano imene takhala tikuchita ndi makalabu a alimi m'maboma osiyanasiyana, pali funso limodzi limene silikulephera kubwera. Tikatha kukambirana za mtengo wa feteleza, za misika ya soya ndi za ngongole, mlimi wina amaimika dzanja, n'kuyang'ana uku ndi uku, kenako amafunsa motsitsa mawu kuti, “Kodi paja chamba chija akuti anachiloleza, nanga ife tingalime?” Anthu amaseka, koma phwete likatha onse amati zii kudikira yankho. Yankho lake ndi lalifupi koma lowawa. Nyumba ya Malamulo inavomereza ulimi wa chamba m'dziko muno mu 2020, koma mlimi wofunsayo akadzala ngakhale phando limodzi kuseri kwa nkhokwe yake popanda chiphaso, amangidwa monga momwe akanamangidwira zaka makumi atatu zapitazo.

Mtsutso wokhudza kuloleza mankhwala ozunguza bongo wakhala ukumveka pa wayilesi, m'nyuzipepala, m'Nyumba ya Malamulo, m'matchalitchi ndi m'mizikiti. Ayankhula andale, madotolo, a zamalonda komanso atsogoleri a mipingo. Amene sanamveke mokwanira ndi munthu wogwira khasu, chonsecho chamba ndi mbewu, imamera m'munda, ndipo paliponse pamene pali munda pali mlimi. Ife ngati bungwe loyankhulira alimi taona kuti kukhala chete pa nkhaniyi kungakhale kuthawa ntchito imene mamembala athu anatituma. Maganizo athu ndi akuti ngati dziko lagwirizana kuti chamba chizilimidwa mwalamulo, lamulolo lisatsekulire anthu okhala ndi madola okha n'kusiya mlimi wamng'ono akadali wolakwa m'munda wa makolo ake.

Tiyambe tasiyanitsa zinthu

Chisokonezo chachikulu pa mtsutsowu chimabwera chifukwa anthu amaika nkhani zingapo m'thumba limodzi. Pali mankhwala monga cocaine ndi heroin, amene salimidwa kuno ndipo amalowa m'dziko muno mozemba. Pa amenewa tilibe mawu ena kupatula kupempha apolisi kuti agwire ntchito yawo molimbika. Nkhani imene ikutikhudza ife alimi ndi ya chamba, ndipo nayonso ili m'magawo atatu.

Gawo loyamba ndi chamba cha m'mafakitale, chimene chimadziwika ndi dzina loti hemp. Chamba ichi chili ndi mphamvu yochepa kwambiri ya THC, yomwe ndi mbali ya chamba imene imaledzeretsa munthu, moti wosuta sangamve kalikonse. Lamulo lathu linaika malire akuti THC isapitirire 1 peresenti. Kuchokera ku mitengo yake amapanga zingwe, nsalu, mapepala ndi zipangizo zomangira nyumba, pomwe njere zake zimayengedwa mafuta odya ndi odzola. Gawo lachiwiri ndi chamba chopangira mankhwala a kuchipatala, amene madotolo m'mayiko ena amapatsa ana odwala mitundu ina ya khunyu yovuta, kapena odwala khansa pofuna kuchepetsa nseru. Gawo lachitatu ndi chamba chosuta pofuna kuledzera. Lamulo la 2020 linaloleza magawo awiri oyambawo, kwa okhawo ali ndi chiphaso. Kusuta, kusunga kapena kugulitsa chamba popanda chiphaso ukadali mlandu pansi pa lamulo la Dangerous Drugs Act.

Tinene momveka kuti pasakhale wotipotoza mawu. Bungwe lathu silikupempha kuti kusuta chamba kuloledwe. Tikudziwa kuti pali anzathu, monga a chipembedzo cha Rastafari, amene akhala akupempha zimenezi pa zifukwa zawo za chikhulupiriro, ndipo ali ndi ufulu womenyera maganizo awo. Ife tikukamba za munda, za mbewu ndi za msika.

Tinafika bwanji pano?

Mu 2015 a Boniface Kadzamira, amene panthawiyo anali phungu wa kumpoto kwa boma la Ntchisi, anaima m'Nyumba ya Malamulo n'kupempha kuti dziko lino liganizire zolima chamba cha m'mafakitale. Aphungu anzawo ambiri anaseka. Koma kafukufuku anayambika pa malo a boma ochitira kafukufuku wa zaulimi ku Chitedze, ndipo anaonetsa kuti mbewuyi ingathe kuchita bwino pa nthaka yathu. Mu Febuluwale 2020 aphungu anavomereza lamulo la Cannabis Regulation Act, limene linakhazikitsa bungwe la Cannabis Regulatory Authority kuti lizipereka ziphaso ndi kuyang'anira ulimiwu.

Sikuti aphungu anangosintha maganizo mwadzidzidzi. Chimene chinawakankha ndi fodya. Kwa zaka zambiri fodya wakhala akubweretsa theka kapena kuposera apo la ndalama zakunja zimene dziko lino limapeza pa malonda, koma kampeni yolimbana ndi kusuta ikukulirakulira pa dziko lonse. Mu Epulo 2021 a Lazarus Chakwera, ali mtsogoleri wa dziko lino, ananena poyera kuti tsogolo la fodya likuzilala ndipo anatchula chamba ngati imodzi mwa mbewu zimene zingalowe m'malo mwake. Mu 2023 dziko la Malawi linalowa nawo m'pangano la bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO lolimbana ndi kusuta fodya. Kunja nako zinthu zinali kusintha: mu Disembala 2020 nthambi ya bungwe la United Nations yoona za mankhwala ozunguza bongo inachotsa chamba pa mndandanda wa mankhwala oopsa kwambiri, povomereza kuti chili ndi ntchito kuchipatala.

Mu Malichi 2024 aphungu anapitanso patsogolo povomereza kusintha lamulolo ndi cholinga choti chamba chathu chachikuda, chimene kunja chimatchuka ndi dzina loti Malawi Gold, nachonso chizilimidwa mwa chiphaso. Poyamba paja ziphaso zinkayendera mbewu zoitanitsa kunja, pomwe chamba chimene chinatchukitsa dziko lino chinali kunja kwa mpanda. Wongowerenga mndandanda wa zochitikazi angaganize kuti mlimi wa ku Nkhotakota kapena ku Mzimba tsopano ali pabwino. Tiyeni tione ngati zili choncho.

Chitseko n'chotsekula, koma khomo n'lopapatiza

Pamene mitengo ya ziphaso inalengezedwa kumapeto kwa 2020, chiphaso cholimira chamba cha mankhwala chinaikidwa pa madola 10,000 a ku America, ndipo cha chamba cha m'mafakitale pa madola 2,000. Pa nthawiyo madola 10,000 anali pafupifupi K7.5 miliyoni. Ndalama yathu itagwa mphamvu mu Meyi 2022 ndiponso mu Novembala 2023, madola omwewo anafika pafupifupi K17 miliyoni. Tifunse moona mtima: ndi mlimi uti wa munda wosakwana hekitala imodzi, amene amagulitsa mbuzi kuti agule thumba la feteleza, angaone ndalama zoterezi? Mlimi amagulitsa mbewu zake m'makwacha, amalipira fizi ya ana m'makwacha, nanga bwanji chilolezo cholima m'dziko lake lomwe chiwerengedwe m'ndalama za eni?

Chiphasocho ndi chiyambi chabe. Chamba cha mankhwala chimafuna malo otchingidwa ndi mpanda, alonda, madzi othirira, mashedi apulasitiki, malo oumitsira aukhondo komanso kuyezetsa ku labotale. Ogula a ku Ulaya amafuna kuti duwa lililonse lidziwike kumene linachokera, mphamvu yake ikhale yofanana thumba ndi thumba, ndipo lisapezeke ndi nkhungu kapena zotsalira za mankhwala ophera tizilombo. Izi ndi zotheka, koma zimafuna mpamba ndi ulangizi, ndipo alangizi athu a zaulimi, amene ndi ochepa kale, sanaphunzire za mbewuyi ku sukulu.

Alimi ena sanafooke. Anapanga makopaletivi, n'kusonkherana ndalama kuti agule chiphaso. M'zaka za 2021 ndi 2022 nyuzipepala za m'dziko muno zinalemba za magulu a alimi amene analipira ndalama zambiri za maphunziro ndi mbewu kwa anthu owalonjeza msika wa kunja, koma atakolola anapeza kuti wogula palibe. Ena anali atagulitsa ng'ombe, ena atatenga ngongole, ena atathira ndalama zawo zopumira pa ntchito. Chimanga chikasowa msika umadya ndi ana ako. Nanga chamba chikasowa msika uchita nacho chiyani? Sungadye, sungagulitse pa msika wa pa mudzi, ndipo ukangoyesa kutuluka nacho pa msewu wapalamula.

Tinaziona kale pa fodya wa bale

Achikulire pakati pathu akudziwa kuti nyimbo imeneyi si yachilendo. Pansi pa lamulo la Special Crops Act, mlimi wa pa malo a mfumu sankaloledwa kulima fodya wa bale. Fodya wa ndalama ameneyu anasungidwira eni maesiteti, ndipo ndi okhawo ankaloledwa kukagulitsa ku okushoni. Mlimi wamng'ono ankalima fodya wa chikopa, thonje ndi mtedza, n'kugulitsa ku ADMARC pa mtengo umene sanaufunsidwe. Zifukwa zimene zinkaperekedwa zinali zomveka bwino m'makutu: akuti mlimi wa kumudzi sangakwanitse kusamala fodya wapamwamba, akuti aononga mbiri ya fodya wa Malawi pa msika wa kunja.

Zotsatira zake tonse tikuzidziwa. Mabanja ankakwezedwa malole kuchokera ku Mulanje, Thyolo, Phalombe ndi Machinga kupita ku Kasungu, Mchinji, Mzimba ndi Rumphi kukagwira utenanti. Manja amene ankati sangathe kulima bale ndi omwewo ankalima bale wa bwana, kusoka, kupachika m'zigafa ndi kudinda mabelo. Chimene analibe si luso. Analibe pepala. Lamulo litayamba kufewetsedwa kuyambira mu 1990, alimi ang'onoang'ono analowa m'makalabu, ndipo pasanathe zaka khumi ndiwo anali kulima gawo lalikulu la bale wa dziko lino. Nyumba za malata, njinga ndi ngolo zimene zinaoneka m'midzi ya chigawo chapakati ndi kumpoto m'zaka zimenezo zinachokera pa kusintha kwa lamulo kumeneko.

Tikamaona mmene ulimi wa chamba wayambira, tikuona njira yomweyo ikulambulidwanso. Wa ndalama atenga chiphaso, mlimi amene amadziwa mbewuyo kuyambira ali mwana adzalembedwa ganyu yopalira pa munda wa mwini chiphaso, kapena adzapitiriza kulima mobisa n'kumathamangitsana ndi apolisi. Dziko lino linataya zaka zambiri lisanazindikire kulakwa kwake pa bale. Sitikufuna kudikiranso zaka zina makumi awiri kuti tidzaphunzire phunziro lomwelo kachiwiri.

Otsutsa nawo ali ndi mfundo

Wakutsina khutu ndi mnansi. Atsogoleri a mipingo, aphunzitsi, makolo ndi a zachipatala amene akuchenjeza za chamba si adani a mlimi, ndipo ambiri a iwo ndi alimi anzathu. Mantha awo ndi enieni. M'midzi yathu yambiri muli mnyamata amene anali wanzeru m'kalasi koma lero amangoyenda m'misewu akudziyankhulira yekha. Madotolo amatiuza kuti munthu amene wayamba kusuta chamba ali wamng'ono, n'kumasuta pafupipafupi chamba champhamvu, amakhala pa chiopsezo chachikulu chodwala matenda a ubongo. Malo othandizira odwala oterewa m'dziko muno ndi owerengeka: chipatala cha boma cha odwala matenda a maganizo ku Zomba, ndi zipatala za St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Mayi wa ku Nsanje kapena ku Chitipa amene mwana wake wadwala amayenda mtunda wautali kuti apeze thandizo. Ana amenewa ndi athu, ndipo sitingagule chitukuko ndi mitu ya ana athu.

Dziko la Thailand ndi chitsanzo cha kuthamanga kosaona kutsogolo. Mu 2022 anachotsa chamba pa mndandanda wa mankhwala oletsedwa asanakonze malamulo oyendetsera malonda ake. Masitolo ogulitsa chamba anabuka paliponse, madandaulo anachuluka, ndipo mu 2025 boma linabwerera m'mbuyo n'kulamula kuti wogula azikhala ndi kalata ya dotolo. Walira mvula walira matope. Amene akufuna phindu la chamba avomerezenso udindo woteteza achinyamata.

Komabe tiwafunse anzathu otsutsawa funso limodzi. Kodi chiletso chimene takhala nacho kuyambira nthawi ya atsamunda chateteza ana athu? Chaka ndi chaka timamva kuti apolisi atentha minda ya chamba ku Nkhotakota, agwira matumba pa malodibuloko kapena pa zipata za Mwanza ndi Dedza, koma chamba sichinasowepo pa msika uliwonse wa m'tauni. Wogulitsa mobisa safunsa zaka za wogula. Amene amalemera ndi mavenda akuluakulu okhala ndi magalimoto odutsitsira katundu ku South Africa, pomwe mlimi amalandira nyenyeswa, ndipo akaberedwa alibe kokadandaula chifukwa naye akuopa unyolo. Ulimi wobisa umachitikira m'mapiri ndi m'nkhalango, kumene mitengo imagwetsedwa popanda woletsa. Ku ndende kumapita wosenza thumba, osati mwini katundu.

Mlimi amene ali ndi chiphaso, dzina lake lili m'kaundula, munda wake unayezedwa ndipo ali ndi wogula wodziwika, ali ndi chinthu choti ataye akaphwanya lamulo. Iyeyo ndi anzake a m'kalabu ndi amene angakhale alonda enieni oonetsetsa kuti chamba sichikutuluka pa khomo la kuseri kupita ku sukulu. Kumusiya kunja kwa lamulo ndiye kumupereka m'manja mwa mavenda omwe otsutsawo akuwaopa.

Zimene tingaphunzire kwa anzathu

Dziko la Lesotho ndi limene linayamba mu Africa kupereka ziphaso za chamba cha mankhwala mu 2017. Ziphasozo zinali zodula kwambiri moti zinagwera m'manja mwa makampani a mpamba waukulu, ambiri okhala ndi ndalama zochokera kunja. Alimi a m'mapiri a dzikolo, amene akhala akulima chamba kwa mibadwo, anatsala akulima mobisa monga kale. Zimbabwe inatsatira mu 2018, nayonso ndi ziphaso za madola zikwizikwi. Ku South Africa khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula mu 2018 kuti munthu wamkulu angathe kulima ndi kusuta chamba payekha kunyumba kwake, ndipo lamulo lotsimikiza zimenezi linasainidwa mu 2024, koma silinatsekule msika woti mlimi wa kumudzi ku Eastern Cape agulitseko mbewu yake mwaufulu. M'mayiko atatu onsewa lamulo linasintha, koma wa khasu sanaone kusiyana kwenikweni.

Dziko la Morocco linatsata njira ina. Lamulo lawo la 2021 linaloleza chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale, kusuta kukhalabe koletsedwa monga kwathu kuno. Koma ulimiwo anaupereka ku madera a m'mapiri a Rif kumene mbewuyi yakhala ikulimidwa kuyambira kale, m'zigawo za Al Hoceima, Chefchaouen ndi Taounate. Wolima ayenera kukhala mlimi wa m'deralo, alowe m'kopaletivi, ndipo kopaletiviyo ikhale ndi mgwirizano ndi kampani yogula. Makampani amagula ndi kukonza, koma munda ndi wa mlimi. Mu Ogasiti 2024 mfumu ya dzikolo, Mohammed VI, inakhululukira alimi oposa 4,800 amene anali ndi milandu yolima chamba, kuti nawo athe kulowa m'ulimi wovomerezeka. Nakonso mavuto alipo, chifukwa alimi ambiri sanalowebe m'ndondomekoyi, koma poyambira pake anapaika bwino: anafunsa kaye kuti mlimi ali kuti.

Pali phunziro linanso la mitengo. Dziko la America litaloleza ulimi wa hemp mu 2018, alimi ambiri anathamangira kudzala, ndipo pofika 2020 mitengo inali itagweratu chifukwa katundu anachuluka kuposa ogula. Ku Canada, kumene analoleza chamba mu 2018 momwemo, makampani ena akuluakulu anatseka mashedi awo ndi kutaya katundu wosagulidwa. Chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Ife amene tinadzala jatropha titauzidwa kuti ndi golide wobiriwira, ife amene tinaona nandolo akuola m'nyumba mu 2017 dziko la India litachepetsa kugula, tisalole kuti wina atiuzenso kuti mbewu imodzi ithetsa umphawi wathu. Chamba chingakhale mbewu imodzi mwa zambiri, pambali pa soya, mtedza, mpendadzuwa, mpunga ndi nyemba, ndipo chisalande munda wa chakudya.

Zimene tikupempha

Choyamba, mitengo ya ziphaso za alimi a m'dziko muno ikhale m'makwacha, ndipo pakhale chiphaso chapadera cha makopaletivi a alimi ang'onoang'ono cha mtengo wogwirizana ndi kukula kwa munda, chotheka kulipira pang'onopang'ono kapena pokolola. Kampani yochokera kunja ilipire m'madola, popeza ndi ndalama imene imabwera nayo.

Chachiwiri, msika uzitsogola mbewu isanalowe m'nthaka. Aliyense wofuna kugula chamba kwa alimi alembetsedwe, aonetse umboni wa kumene akagulitse, ndipo aike chikole ku banki choti alimi adzalipidwe ngati iye athawa. Mgwirizano ulembedwe m'chiyankhulo chimene mlimi amamva, mtengo ndi magiredi zidziwike asanasaine. Mndandanda wa ogula ovomerezeka uzilengezedwa pa wayilesi ndi kumatidwa ku maofesi a zaulimi a m'madera. Zimene taphunzira pa ulimi wa fodya wa kontilakiti kuyambira 2012, zabwino ndi zoipa zomwe, zitithandize pano.

Chachitatu, mbewu yathu yachikuda itetezedwe. Dzina loti Malawi Gold likugwiritsidwa ntchito ndi ogulitsa njere ku Ulaya ndi ku America, koma mabanja amene anasunga mbewuyi n'kuphunzira kuifundika m'makoko a nthochi sanalandirepo kanthu. Mbewuyi isonkhanitsidwe ndi kusungidwa ku nkhokwe ya mbewu ya boma ku Chitedze, dzina lake lilembetsedwe ngati chuma cha dziko lino, ndipo madera olima hemp atalikirane ndi olima chamba chachikuda, chifukwa mungu wa chamba umauluka ndi mphepo ndipo mbewu ziwirizi zikasakanizika tidzataya zonse.

Chachinayi, madera amene akhala akudziwika ndi mbewuyi, monga Nkhotakota ndi Mzimba, akhale oyamba kuganiziridwa. Boma liunikenso milandu ya alimi ang'onoang'ono amene anamangidwa chifukwa cholima chabe, osati ozembetsa katundu, ndipo mbiri ya mlandu woterowo isatsekereze munthu kulowa m'kopaletivi yovomerezeka. Si chilungamo kuti awiri alime mbewu imodzi, wina n'kutchedwa wobweretsa chitukuko, wina n'kuvala yunifolomu ya ku ndende.

Chachisanu, gawo lodziwika la ndalama za ziphaso ndi misonkho ya chamba lipite ku chithandizo cha matenda a maganizo m'zipatala za m'maboma ndi ku maphunziro ochenjeza achinyamata m'sukulu. Wopezeka akugulitsa chamba kwa ana alandire chilango chokhwima, ndipo ngati ali ndi chiphaso alandidwe. Ana asagwiritsidwe ntchito m'minda ya chamba. Mbiri yoipa imene fodya wathu anapeza chifukwa cholemba ntchito ana inatipweteka tonse mu 2019, pamene dziko la America linayamba kutsekereza fodya wochokera kuno.

Chachisanu ndi chimodzi, alimi akhale ndi mpando weniweni pa malo onse okambirana za mbewuyi, ndipo amayi asaiwalike, chifukwa ndiwo amagwira ntchito yambiri ya kumunda koma mayina awo sapezeka pa mapepala. Alangizi aphunzitsidwe, ndipo dziko likhale ndi labotale yodalirika yoyezera chamba pa mtengo umene kopaletivi ingakwanitse.

Mawu kwa inu alimi anzathu

Pamene tikumenyera zimenezi, tikupemphani kuti mudekhe. Musadzale chamba popanda chiphaso, ngakhale wina akuuzeni kuti lamulo linasintha. Musapereke ndalama kwa munthu aliyense wobwera ndi galimoto yokongola n'kumalonjeza mamiliyoni pa ekala imodzi. Muuzeni akuonetseni chiphaso chake, mukafunse ku Cannabis Regulatory Authority ngati akumudziwa, mufunse kuti anagulapo kwa alimi ati ndipo mukawaone alimiwo ndi maso anu. Safunsa anadya phula. Musagulitse kapena kubwereketsa munda wanu kwa zaka zambiri chifukwa cha malonjezo a pakamwa, ndipo mafumu athu asamale posaina mapepala a malo. Paja akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Soya ndi mtedza zimene muli nazo lero ndi zanu, pomwe madola a chamba akadali m'malere.

Koma kudekha sikutanthauza kugona. Nkhaniyi ikambidwe m'makalabu, m'makomiti a chitukuko a m'midzi ndi pa misonkhano ya mafumu. Amene mukugwirizana ndi ulimiwu ndi amene simukugwirizana nawo, nonse bweretsani maganizo anu kudzera kwa atsogoleri anu a m'maboma kuti tikawatule kwa aphungu ndi ku unduna wa zamalimidwe. Phungu wa dera lanu akabwera, mufunseni kuti chiphaso chikugulidwa ndalama zingati, ndi alimi angati a m'dera lake amene ali nacho, ndipo ndi angati amene anagulitsa n'kulandira ndalama zawo. Mutu umodzi susenza denga. Makolo athu analima bale wa eni kwa zaka zambiri chifukwa panalibe wowayankhulira pamene lamulo linkalembedwa. Ife tili ndi makalabu, tili ndi makopaletivi, tili ndi bungwe. Lamulo la chamba likadali laling'ono ndipo lingathe kuwongoledwa, choncho nthawi yoti tiyankhule ndi ino.